Kuchoka pa Geti Kufika pa Mango

Tsiku limene adokotala a maso anandiuza kuti ndisiye kuyendetsa galimoto, sindinakangane nawo. Ndinagwedeza mutu ngati munthu woleredwa bwino, ndinapinda kapepala kawo n'kuika m'thumba la malaya, ndipo nditatuluka panja ndinakwera galimoto yanga n'kuiyendetsa mpaka kwathu ku Ndeke. M'njira ndinaimbira hutala chitsa cha mtengo poyesa kuti ndi mkulu wa mpingo wathu, mpaka kutulutsa mkono pazenera. Akazi anga anali pampando wa kumanzere, atakhalira chitenje chopinda monga mwa masiku onse. Titafika pakhomo anangotambasula dzanja. Ndinawapatsa makiyi.

Nkhaniyi sinachedwe kufika ku Ndola kwa mwana wathu woyamba, namwino, amene chibadwire sadziwa kulankhula mozungulira. Anati galimoto yongokhala pabwalo ndi chiyeso, tsiku lina atate adzaba makiyi. Sanalakwe, chifukwa ndinali nditayamba kale kupisa dzanja m'zitini za shuga kufunafuna makiyiwo. Patapita miyezi ingapo anaimba foni kuti wapeza wogula, bambo wina wa cha ku Bwana Mkubwa amene amaphwasula magalimoto akale n'kumagulitsa zitsulo zake chimodzichimodzi. Abwera Loweruka m'mawa ndi lole. Akanati wogulayo akaiyendetsa, mwina ndikanapirira. Koma mawu akuti kuphwasula anandipweteka kwambiri.

Ndakhala ndi magalimoto atatu m'moyo wanga, ndipo palibe imodzi imene inafika m'manja mwanga ili ndi mano onse m'kamwa. Yoyamba ndinaigula tikukhala ku Chimwemwe, ine ndikugwira ntchito yokonza mapampu ku mgodi. Mwini wake anali kapitawo wathu amene ankabwerera kwawo atapuma ntchito. Inali yaing'ono, yabuluu, koma chitseko chimodzi chinali chofiira poti chinachokera ku inzake imene inachita ngozi. Ndinaitcha Chiphadzuwa. Anzanga a ku mgodi ankaseka dzinali mpaka kugwira nthiti, koma ine ndinalibe nazo ntchito: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Loweruka lililonse ndinkaitsuka ndi sopo amene akazi anga ankasungira zovala za kutchalitchi, ndipo ndikatha ndinkaima patali pang'ono kuti ndiione bwino.

Vuto la Chiphadzuwa linali kudzuka. Ukapotokola kiyi m'mawa inkangotsokomola kawiri, kenako zii. Mankhwala ake anali kukankha. Tsono kukankha galimoto kumafuna anthu awiri, wina kumbuyo, wina pachiwongolero woti asiye kilachi pa nthawi yake. Kawirikawiri mwini galimoto ndiye amakhala m'kati ngati bwana, ena n'kumatuluka thukuta. Koma nthawi imeneyo akazi anga anali ndi pakati pa namwino yemweyu, ndipo ine ndinaleredwa ku Katete, kumene mwamuna wokankhitsa mkazi woyembekezera angaimbidwe nyimbo pamtondo mpaka tsiku la imfa yake. Choncho ndinawakhazika pampando wanga n'kuwaonetsa zopondera zitatu zija.

"Iyi ya kumanzere pondani mpaka pansi. Giya naika kale pa thuu. Nikakuwa kuti siyani, musiye, mupondenso pamene apo, na mwendo wina mupatse mafuta pang'ono chabe. Mukafika pa mpope paja, buleki, giya mubweze pakati."

"Nanga nikagunda munthu?"

"Muzamupepesa. Onse muno tizibana nao."

Tsiku loyamba anasiya kilachi ndisanakuwe, galimoto inaima njii, ine n'kumenyetsa chibwano pabuti. Tsiku lachiwiri inalira. Pofika sabata yachiwiri phazi lawo linali litamudziwa Chiphadzuwa kuposa langa. Injini ikangolira ankaponda buleki, kubweza giya pakati, n'kusunthira kumpando wa kumanzere akukonza duku, ine n'kulowa ndikupuma wefuwefu. Mwana atabadwa palibe amene anaganiza zosintha. Unali utasanduka mwambo wa pakhomo pathu, ngati pemphero la m'mawa.

Chiphadzuwa anatitumikira mpaka injini inagogoda tikuchokera ku ukwati ku Ndola. Amakanika anaitsegula, anasuzumira m'kati, n'kundiyang'ana ngati munthu wobweretsa uthenga wa maliro. Ndinaisiya komweko, koma hutala ndinamasula n'kubwera nayo m'thumba. Kulira kwake kunali ngati kwa mbuzi yomangidwa padzuwa, ndipo ndinalumbira kuti galimoto iliyonse imene ndidzakhale nayo idzalira ndi mawu omwewo.

Yachiwiri inali vaneti yoyera, ya bodi yotsegula kumbuyo. Imeneyi ndinaitcha Mtumiki, chifukwa ndinazindikira msanga kuti siinali yanga ndekha. Mumpingo wathu wa anthu a kum'mawa, munthu akagula vaneti ndiye kuti mpingo wagula vaneti. Kukagwa maliro, Mtumiki ankanyamula nkhuni, mabenchi, ndipo nthawi zina bokosi lenilenilo. Kukakhala ukwati ankanyamula kwaya yonse, amayi akuimba kumbuyo mpaka matayala kuphwa. Sindinkadandaula. Kunena zoona ndinkanyada, makamaka akalengeza kutsogolo kuti za mayendedwe zili m'manja mwa abambo ujeni, anthu n'kutembenuka kundiyang'ana. Kamodzi pachaka tinkapita naye ku Katete, ulendo wa masiku awiri, rediyeta ikudontha, ine ndikumata sopo pabowo pake paliponse pamene taima. Pobwera ankadzaza matumba a chimanga, mtedza ndi maungu, ndipo pamapiri ankakwera pang'onopang'ono moti ana ankatsika kukatola masuku n'kutipezanso.

Ndi nthawi ya Mtumiki imene tinasamukira ku Ndeke. Anationetsa nyumba ziwiri. Ina inali ya zipinda zinayi, denga labwino, koma pamalo athyathyathya. Inayo inali ya zipinda zitatu, khitchini yake yopanikiza, koma msewu wake unkatsetsereka bwinobwino kuchoka pa geti kufika pa mtengo wa mango wa pakona. Ndinawerenga mapazi makumi anayi. Ndinauza akazi anga kuti nyumba yachiwiriyi ili ndi kamphepo kabwino. Iwo anayang'ana msewu, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Kamphepo kake ni ka motoka." Tili momwemo mpaka lero, ndipo khitchini ikadali yopanikiza.

Kuseri kwa mpanda tinapeza mnansi wa Chibemba, mnzanga wa msinkhu umodzi. Ife a kum'mawa ndi Abemba timachitirana chimbuya. Timanyozana popanda mlandu, iwo amatinena za kudya mbewa, ife timawabwezera za anyani, ndipo pamaliro ndi iwo amene amatiwaza ufa kumutu n'kutiseketsa kuti misozi ipumeko. Mbuya wangayu anapeza ntchito ya m'mawa uliwonse. Ankaima pampanda ndi kapu ya tiyi, ine ndikulimbana ndi vaneti, iye n'kumakuwa m'Chibemba chake kuti, "Sunkeni, ba mbuya, sunkeni!" ndiye kuti kankhani. Kenako ankauza aliyense wodutsa kuti motoka ya anthu a kum'mawa siyenda ndi petulo, imayenda ndi mphamvu ya mbewa. Dzanja lake linkakhudza galimoto yanga pokhapokha tsiku limene akufuna ndimutengeko ku tauni.

Mtumiki anatha ndi dzimbiri, kuyambira pansi. Tsiku lina dikoni wina anaponda kumbuyo phazi n'kutulukira kunsi. Mlimi wina wa kumapulazi anamutenga kuti azinyamulira manyowa, ndipo atamukoka kupita naye ndinalowa m'bafa n'kutsegula mpope kuti ana asamve kuti atate awo akufwenthera. Hutala ya mbuzi inali kale m'kabati.

Nditapuma ntchito ku mgodi, mkamwini wanga, mwamuna wa namwino, ananditengera ku Ndola kukaona magalimoto obwera pa sitima kuchokera kunja. Anali onyezimira, onunkhira bwino m'kati. Anandikhazika mu imodzi. Ndinafufuza ndi phazi lamanzere, osapeza kanthu.

"Kilachi ili kuti?"

"Iyi ni otomatiki, atate. Isintha yeka magiya, imwe mungoponda chabe."

"Manje batire ikafa, mukankha bwanji?"

"Iyi sikankhiwa, atate."

"Ndiye si motoka," ndinatero n'kutsika.

Pakona, pafupi ndi mpanda, panali ina yotuwa, yaitali kumbuyo, imene wogulitsayo sanafune n'komwe kutionetsa. Inali ndi zopondera zitatu. Mkamwini wanga anapukusa mutu njira yonse yobwerera. Imeneyi ndinaitcha Amayi Busa, chifukwa inali yofatsa, yosapupuluma, ndipo ikadutsa anthu ankaipatsa ulemu. Zaka ziwiri zoyambirira inkadzuka yokha, ndipo ndivomere kuti m'mawa ndinkamva ngati taiwala kanthu. Koma ukalamba sulephera. Sitata inayamba ulesi, batire ikatha ndinkazengereza kugula ina, ndipo tinabwerera kumwambo wathu. Ndinkaikonda nthawi imeneyo kuposa nthawi ina iliyonse patsiku: manja pabuti yozizira ndi mame, pagalasi lakumbuyo ndikuona nsonga ya duku la akazi anga, mbuya akukuwa pampanda. Pamango akazi anga ankaima, kusunthira kumanzere, kuyala chitenje chawo chopinda pampando wa kumanzere n'kukhala. Ndinkayesa kuti amateteza diresi ku fumbi. M'zaka zonsezo sindinawafunsepo ngati angafune kupitirira mango. Iwo sanapemphe, ine sindinaganizeko.

Miyezi ya pambuyo pa adokotala aja inali yowawa. Makiyi sindinawapeze, koma chitseko chinali chosakhoma, choncho masana ndinkakhala pampando wanga, manja pachiwongolero, ndikumvera wailesi. Akazi anga anandibwereka kiyi wa sipeya atandilonjezetsa pamaso pa Baibulo kuti ndidzampotokola kamodzi kokha, ka wailesi. Lonjezo ndinasunga, koma batire ndinaimaliza. Masiku amenewo iwo ankachokachoka. Lachinayi ndinkadziwa kuti ndi la chigwirizano cha amayi, koma panawonjezeka Lolemba ndi Lachitatu. Ankangoti ali ndi zochita ku tauni, ine n'kung'ung'udza kuti munthu akayamba khungu ndi nkhuku zomwe zimamuthawa. Ndinali wotanganidwa ndi kudzimvera chisoni, moti sindinafunse kuti zochita zake n'zotani.

Loweruka lija ndinadzuka m'mamawa n'kutsuka Amayi Busa ndi sopo wa zovala za kutchalitchi. Dothi sindinkaliona bwino, koma manja ankadziwa pamene limabisala. Ndisanamalize ndinamva mapazi kumbuyo, kenako china chake chinandigwera kumutu ngati mvula yowuma. Anali mbuya wanga ali ndi mbale ya ufa. Anandiwaza m'tsitsi, m'mapewa, n'kuwazanso paboneti imene ndinali nditangopukuta.

"Pepani, ba mbuya, pepani," anatero ndi mawu olira mwadala. "Anali mayi wabwino. Sanadyeko petulo wambiri, pakuti sanali kuyenda."

Ndinamutukwana za anyani, tonse tinaseka, koma ine kuseka kwanga sikunapite patali. Iye anaona, ndipo anaika dzanja paphewa langa n'kulisiya pamenepo kanthawi.

Lole inafika dzuwa litakwera pang'ono, namwino atakhala kutsogolo pamodzi ndi wogula uja. Bamboyo anali waulemu, anandipatsa moni ndi manja awiri. Koma atayamba kuzungulira galimoto, akugogoda zitseko, akutchula magetsi, magalasi ndi giyabokosi, ndinamva ngati ndikumvera wa butchala akuyamikira ng'ombe yanga. Pomaliza anati akufuna amve injini. Akazi anga anatuluka m'nyumba ndi makiyi, analowa, anapotokola. Panangomveka kuti tcha. Wogulayo anati ali ndi batire mulole, koma ine ndinakana.

"Iyi tiziba ise mwamene iukila," ndinatero. "Amake mwana, giya thuu."

Ndinapita kumbuyo n'kuika manja pabuti. Ndinamva mpando wa dalaivala ukukokedwa kutsogolo, chinthu chimene sanachitepo m'zaka zonsezi, koma maganizo anga anali pa zoti aka n'komaliza. Mbuya anaika mbale pansi n'kubwera kudzaima pambali panga, tsiku loyamba kukankha popanda ulendo wa ku tauni. Tinatuluka pa geti. Msewu unayamba kutithandiza. Mawondo anga anali akudandaula, koma ndinathamanga ndithu, ndipo pakati pa mtunda ndinakuwa ndi mawu onse kuti, "Siyani!"

Amayi Busa anagwedezeka, anatsokomola, n'kulira. Ndinaima ndikupuma, ndikudikira kuti chinthu chotuwacho chiime pamango. Sichinaime. Ndinamva injini ikukwera, kenako kachetechete wa kamphindi, kenako giya yachitatu ikulowa bwinobwino popanda kukukuta. Kanyali ka kumanzere kanayamba kuphethira, ndipo galimoto inakhota pakona n'kusowa.

"Amama!" anakuwa namwino, akuthamangira kumsewu. "Atate, amama sadziwa kuyendetsa! Mwawasiya bwanji?"

Ine ndinayang'ana kukona kuja, ufa uli kumutu. Mtima unkagunda ngati pampu yotha mabelingi, chifukwa kupitirira kona ija kuli msika, kuli maminibasi, kuli ana. Wogula uja anavula kapusi. Mbuya yekha ndiye anapeza mawu.

"Ba mbuya, mwafedwa kawiri. Motoka yapita, na mukazi apita nayo."

Sindikudziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Namwino anayesa kuimba foni, foni ya amake n'kulira m'khitchini. Kenako kumtunda kwa msewu, kumbuyo kwathu, kunamveka mbuzi yomangidwa padzuwa. Tonse tinatembenuka. Amayi Busa anatsetsereka pang'onopang'ono, mwaulemu wake wonse, n'kudzaima pa geti penipeni, injini ikulira. Akazi anga anatsitsa galasi, anapisa m'chikwama, anatulutsa buku la nyimbo, ndipo pakati pake anasololapo kakhadi n'kupatsa mwana wawo.

Namwino anakayang'ana, anatembenuza, anayang'ananso. "Iyi ni laisensi, atate. Ili na chithunzi cha amama."

"Miyezi folo ku sukulu ya madalaivala," anatero akazi anga, akulankhula ngati akunena mtengo wa tomato. "Mayeso oyamba ninagwa pa livesi. Achiwiri ninapasa. Aphunzitsi anadabwa kuti nkhalamba iziba kilachi kupambana anyamata." Kenako anatembenukira kwa wogula uja. "Pepani bambo, mwavutika na ulendo. Motoka sigulitsiwa. Maso ali na ine, mapewa ali na atate awa."

Bamboyo anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe ya lole yake. Namwino anayamba kukalipa kuti bwanji sanamuuze, wachita manyazi pamaso pa mlendo, koma mawu anamuthawa pakati, ndipo anangolowetsa mutu pazenera n'kukumbatira amake. Ine ndinali wokondwa ngati mwana, ndipo misozi inkasakaniza ufa kumaso kwanga n'kupanga phala.

"Kwerani, atate, tiyende tichaje batire," anatero akazi anga. Ndinalunjika kuchitseko cha dalaivala mwa chizolowezi. "Osati uku. Uko."

Ndinazungulira. M'zaka zonse zimene ndinakhala ndi Amayi Busa, ndinali ndisanakhalepo pampando wa kumanzere. Chitseko chake chinafuna kuti ndichinyamule pang'ono kuti chitsekeke. Galasi lake linkatsika theka lokha. Titangonyamuka, mpweya wotentha unayamba kundiwomba kumapazi kuchokera penapake pansi. Ndipo titadumpha bampu yoyamba, chitsulo cha m'kati mwa mpando chinandilasa pantchafu mpaka ndinadzuka. Ine amene ndinkamva kaphokoso kakang'ono ka mu injini tili pakati pa nyimbo, ndinali ndisakudziwa chilichonse cha mbali imeneyi.

"Ichi chisulo chinayamba liti kulasa?"

"Chaka chamene munagula motoka."

"Nanga pa vaneti paja?"

"Paja zinali ziwiri."

"Bwanji simunakambe?"

"Munafunsa?" anatero, maso ali pamsewu, manja onse pachiwongolero.

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chikwatirire. Ndinafuna kupepesa, koma mawu a zaka makumi atatu ndi kuposa sakwana pakati pa Ndeke ndi malo omwetsera petulo. Tinafika pamphambano, minibasi inatidula kutsogolo, iwo anailiza mbuzi ija molimba mtima. Titaima kudikira kuti msewu utseguke, anapisa dzanja kumpando wakumbuyo osatembenuka, n'kundiikira pamiyendo chitenje chawo chopinda.

"Khalirani ichi," anatero. "Chithandizako."